Kathanki ka m'Siling'i

Pulambalayo anabwera osaitanidwa, ndipo nkhani yonse inayambira pamenepo.

Unali mwezi wa Juni, nyengo imene ku Luwawa chifunga chimatsika m'mapaini n'kudzakhala pakhonde ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Dyness ankayanika matewera a mwana wake Esme, akudziwa bwino kuti sauma, pamene lole ya ofesi ya zankhalango inaima pamsewu. Inatsitsa bambo wamtali wa ovolosi yabuluu, mapaipi, bokosi la zida, ndi kathanki kachitsulo kosaposa sutikesi.

"Odi, amama. Ndine Zgambo, Amon Zgambo, wa zamipopi. Nafuma ku boma, ku Mzimba. Andituma ku boyila."

Boyilayo mlandu anali nawodi. Kuseli kwa nyumba iliyonse ya boma pamzere umenewo kunali mgolo wogoneka panjerwa, pansi pake pali ng'anjo. Ukasonkha moto, madzi otentha ankatuluka pampopi wa kubafa. Mgolo wa kwa Dyness unali ndi khalidwe lakelake: ukatentha unkagogoda, kubuula ngati ng'ombe yodwala, n'kumalavula madzi m'mfundo za mapaipi. Dyness anali atadandaulapo kwa amuna ake, a Chester Kalilangwe, wothandizira woyang'anira nkhalango. Koma a Chester sanakanene ku ofesi. Chitengedwereni akulu awo, a Chester sankanena kanthu kulikonse.

Akulu awowo, a Cosmas, anali mphunzitsi ku Dowa. Tsiku lina ali m'nyumba mwawo momwe, chitseko chili chotseka, anayankhulapo za mtengo wa fetereza ndi za anthu amene ankaukweza. Posakhalitsa kunabwera Landirova yopanda nambala. Zaka ziwiri zinali zitadutsa, kumene anapita nawo kosadziwika, wofunsa n'kusowa. Chimene chinkawadya a Chester chinali chitseko chotsekacho. Mawu anatulukira pati? Atawasamutsira kumpoto kuno, pakati pa anthu a Chitumbuka chimene iwo ankangotolako mawu amodziamodzi, funso limenelo anabwera nalo pamodzi ndi mipando. Za a Cosmas sanauzepo munthu, ndipo Dyness anamuletsa ngakhale kutchula dzinalo.

A Chester atafika kudzadya masana, anapeza miyendo ya munthu wachilendo ikulendewera pachibowo cha siling'i. Anaima pakhomo, manja kumbuyo, nsapato zawo zopolisha zikuwala.

"Wakutumani ndani?"

"Ofesi, adada," anayankha mawu kuchokera kumwamba.

"Ofesi iti?"

"Ya ku boma."

"Ine sindinapemphe."

"Mbwenu ine ndangotumidwa."

"Kwanu n'kuti?"

Sipanala inasiya kulira. "Ku Manyamula."

"Bambo anu ndani?"

Yankho linachedwa kwambiri, ndipo litafika linali dzina lokha, louma. Kuyambira pamenepo Zgambo sanatsegulenso pakamwa, a Chester nawo sanabwerere kuntchito. Wina ankagwira ntchito, wina akumuyang'ana. Dyness anaona kuti onse awiri ali thukuta, kunja kukuzizira chonchija.

Ntchitoyo yokha inali yaukhondo, ngakhale munthu wosadziwa akanaona. Zgambo anayala matabwa pamitanda, nakhazikapo kathanki kaja, nakayesa kuti kasapendame. Paipi imodzi inachoka pamwamba pa mgolo, kukwera khoma, kulowa pansi pa malata, n'kukawerama pakamwa pa kathanki ngati nkhuku ikumwa. Ina inachoka pansi pa kathanki kutsikira kunsi kwa mgolo. Panali ina yobweretsa madzi ozizira, ndi kena kakafupi kosuzumira panja. Pa ziwiri zopita kumgolozo sanaikepo mpopi uliwonse wotsekera. Ndipo popeza khoma la boyila linali la kuchipinda chogona, kathankiko kanakhala pamwamba penipeni pa bedi.

Atamaliza, Dyness anamutsirira tiyi.

"Yewo, amama, ndakhuta."

Ananyamula bokosi lake n'kumapita, osanena kuti chimene waikacho n'chiyani.

"Mwaona?" anatero a Chester, atamukokera Dyness panja, pamulu wa nkhuni. "Munthu wokana tiyi ku Luwawa mwezi wa Juni. Munamuonapo?"

"Mwina ali ndi m'mimba."

"Nyumba zonsezi zili ndi maboyila. Wayambiranji yathu?"

"Bambo a Esme, yathu ndi yoyamba kuchokera kumsewu."

"Ndiye akuti tiziganiza choncho."

Mgolo unasiya kugogoda. Madzi ankatuluka otentha bwino, Esme n'kusiya kulira posamba. Koma phokoso lija linangosamukira m'siling'i, litachepa ndi kuchenjera. Moto ukayaka, kumwambako kunkamveka kulukulu, kenako thii, thii, kenako zii, monga munthu amene wakhosomola mwangozi ndipo akudzigwira.

A Chester anasiya kuyankhula kuchipinda. Nkhani zonse, ngakhale za sopo, zinkakambidwa pamulu wa nkhuni. Pa chakudya ankayamikira chitukuko mokweza, nkhope itapenya kumwamba: misewu, mapaini, mtendere. Poyamba Dyness ankaseka chamumtima. Koma anakumbukira kuti mkazi wa a Cosmas nayenso ankaseka, ankati amuna a pabanja limeneli amaopa mthunzi wawo womwe. Tsiku lina anadzipeza akumutonthoza Esme ndi nyimbo ya chipani, m'malo mwa ya kwawo, ndipo sanadziwe kuti wayamba liti.

Loweruka lina masana a Chester anakokera tebulo pansi pa chibowo, naikapo mpando pamwamba.

"Gwirani apa."

Dyness anagwira miyendo ya mpandowo. Iwo anakwera ndi tochi, nakhalako kanthawi, natsika nkhope ili ndi ndandaule. Anamulozera kunja.

"Muli mpira wamkuwa," ananong'ona ali pankhuni. "Uli pa kandodo. Ukuyenda wokha."

"M'madzi?"

"Nzeru yake ndi imeneyo. Ndani angafufuze m'madzi?"

"Waya mwamuona?"

"Waya wa chiyani, paipi ilipo? Ku macheka kuja, ukaika khutu papaipi umamva anyamata akutukwanizana kutsidya lina la shedi. Ndipo paipi yathuyi imapita kuti? Imalowa pansi, kukakumana ndi yaikulu yodutsa kuseli kwa ofesi."

Dyness anasuzumira pamene paipiyo inkalowera pansi. Iyenso mpira wamkuwa woyenda wokha anali asanauonepo.

Kuchotsa kathankiko a Chester sakanayerekeza, poti kuchotsa katundu wa boma ndi mlandu wodziwika dzina. Anatenga chidutswa cha mlombwa, nasema zikhomo ziwiri zosalala, mpeni n'kuwacheka chala chachikulu, nazikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Dyness anagwiranso mpando, nawapatsira hamala. Chikhomo chimodzi anakhomera pakamwa pa paipi yowerama ija. China anachikhomera pansi pa kathanki, pa paipi yotsikira kumgolo, mkono uli m'madzi ozizira mpaka m'chigongono.

"Cha boma sindinachotse," anatero akupukuta mkono. "Ndangochitseka makutu."

Madzulo a tsikulo anakhala pabedi, nsapato atavula, natchula dzina la a Cosmas mokweza. Anafotokoza momwe ankawaberekera powoloka mtsinje popita kusukulu, ndi momwe ankawanamizira kuti m'madzimo muli ng'ona kuti agwiritse. Anaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha, misozi n'kutsala. Dyness anaganiza kuti ngati zikhomo ziwiri zachita zimenezi, zikhale momwemo.

Mawa lake, anthu atatuluka m'tchalitchi, kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Wosapita kunalibe. Asananyamuke, Dyness anadzaza ng'anjo ndi zidutswa za paini za ku macheka, zija zimayaka ngati zathiridwa palafini, kuti pobwera apeze madzi ochapira matewera. Anavala chitenje cha chipani, nabereka Esme.

Amayi anali pakati pa gule, tcheyamani wa nthambi, a Kalebe Shaba, akugwedeza mutu pampando wawo, pamene kunamveka kuphulika. Nthaka inachita ngati yadzidzimuka. Akhwangwala anabalalika m'mapaini, phokoso linakagunda kudamu n'kubwereranso. Ng'oma zinaleka. Anthu onse anatembenukira kumzere wa nyumba za boma, kumene mtambo woyera unkakwera kuseli kwa nyumba yoyamba kuchokera kumsewu.

Anyamata a yufi, a chipani, ndiwo anafika poyamba. Mgolo unali utang'ambika ngati dzungu logwa pangolo, chivindikiro chake chili m'munda mwa eni ake. Njerwa zinali mbwee, zenera la kuchipinda litasweka, ndipo nkhuku ya oyandikana nawo inali gone, yososoka kale nthenga. Wovulala wina panalibe.

"Bomba," anatero wina.

"Si mng'ono wake wa uja wa ku Dowa?" anatero winanso, mayi, chapansipansi, kumbuyo kwa Dyness.

Dyness sanacheuke. Masiku onsewa akunong'onezana pankhuni, Luwawa yense ankadziwa.

A Chester anawatengera ku ofesi. A Shaba anatumiza uthenga ku Mzimba pa wailesi ya ofesi, ndipo yankho linati galimoto yanyamuka. Podutsa pafupi ndi mkazi wawo, a Chester anamuyang'ana kamodzi kokha, nagwedeza mutu pang'ono. Dyness anamva: za zikhomo, ayi.

Anakhala pakhonde akuyamwitsa, anyamata awiri atalondera chitseko, nayamba kuyeza njira. Zikhomo zikapanda kupezeka, ndiye kuti linali bomba, m'nyumba ya mng'ono wa munthu wotengedwa, pa tsiku la msonkhano wa chipani. Zikapezeka, adzafunsa kuti munthu amakhomeranji zikhomo m'mapaipi a boma. A Chester bodza sankalitha. Adzanjenjemera, n'kunena kuti ankaopa kumvedwa. Ndipo woopa kumvedwa ndi amene ali ndi zonena. Njira zonse ziwiri zinkathera mu Landirova.

Galimotoyo inafika dzuwa litapendeka. Munatsika wapolisi wa yunifomu ndi bambo wina wa jekete yotuwa, wosanena dzina, amene wapolisiyo ankamupatsa njira. Anazungulira mgolo, naugunda ndi nsapato, nafunsa amene anagwira ntchito ya mapaipi. A Shaba anati munthuyo akadali konkuno, akugona ku makomboni a ku macheka, wafika pa nyumba yachinayi. Anamuitanitsa.

Zgambo anafika milomo itauma. Anayang'ana mgolo, nayang'ana Landirova, nayang'ana wa jekete. Dyness anaona manja ake akunjenjemera mpaka tochi kugwa. Kodi kazitape amanjenjemera pamaso pa anzake? Mwina amatero, pofuna kuphimba anthu m'maso. Koma bondo la ovolosi nalonso linkagwedera, ndipo bondo ndi lovuta kuliphunzitsa.

Onse analowa m'nyumba, a Chester atawabweretsa n'kuwaimika pakona. Tebulo lomwe lija, mpando womwe uja. Zgambo anakwera. Kumwamba kunamveka madzi akuvunduka, kugogoda pang'ono, kenako anatsika, naika zikhomo ziwiri patebulo, mphira ukudontha.

"Bomba yayi, bwana," anatero, mawu akubwerera pang'onopang'ono. "Madzi akatentha amafufuma, amafuna malo. Kathanki aka ndiye malo ake. Akwera na paipi iyi, apumula, abwerera na iyi. N'chifukwa chake pa mapaipi awa sitiika chotsekera, olo chimodzi. Sono wina wajala uku, wajala uku. Moto pansi. Mbwenu madzi apita kuti? Adzipangira okha khomo."

Wa jekete anatola chikhomo chimodzi, nachitembenuza m'zala.

"Chosemedwa bwino," anatero. Chichewa chake chinali cha kwawo kwa Dyness, chofewa, cha ulemu. "Ndiye anatseka ndani? Ndipo ankatseka kuti chisatuluke n'chiyani?"

Anafunsa akuyang'ana a Chester. Dyness anaona pakamwa pa amuna ake pakuyamba kutseguka.

"Ndine, bwana."

Anali Dyness. Anagwada pansi, mwana ali kumsana, monga mkazi woleredwa bwino.

"Inu, mayi?"

"Chinkasokosa. Kulukulu, kulukulu, pamwamba pa bedi. Mwana akangogona, chamudzutsa. Ndinawauza bambo akewa, akuti za boma sitigwira. Ndiye dzulo atapita kokayendera nazale, ndinakwera."

"Munakwera bwanji?"

"Tebulo ili, mpando pamwamba."

"Chinali pati ndi pati?"

"China pakamwa pa paipi yowerama. China pansi, m'madzi. Ozizira ngati imfa, mpaka muno." Analoza chigongono.

Wa jekete anayang'ana Zgambo, Zgambo anavomera ndi mutu.

"Anakusemerani ndani?"

"Ndekha. Bambo anga analibe mwana wamwamuna. Mipini ya makasu kwathu ndinkasema ndine."

Wa jekete sanaseke. Anapereka chikhomocho kwa Zgambo. "Inu ndinu mmisiri. Dzanja la mkazi lingakhome ichi?"

Zgambo analandira. Dyness anaona maso ake akuchoka pa chikhomo, kuyenda pang'onopang'ono m'chipindamo, n'kukaima pa chala chachikulu cha a Chester, chomangidwa kansanza. Anakhalapo nthawi yokwanira kuti Dyness aiwale kupuma. Kenako anabwerera ku chikhomo.

"Kusema wasema makora, bwino ndithu," anatero. "Kweni kukhoma, bwana, chinali chopendama chomene. Hamala yagunda m'mbali, yagunda paipi, yagunda thanki. Ntchito ya ku khitchini. Mwanalume wopita kusukulu sangachite uchitsiru uwu."

Woyamba kuseka anali wapolisi. Anyamata a pakhomo anatsatira, nkhani n'kutulukira pazenera losweka kufikira khamu la panja, kumene inasanduka phwete. A Shaba anaseka mpaka kugwira khoma. Iwonso sankafuna kuti nthambi yawo imveke ndi bomba. Wa jekete anamwetulira pomalizira, pang'ono, monga munthu amene wapatsidwa ndiwo zosakoma koma wavomera kudya.

"A Kalilangwe."

"Bwana."

"Nkhalango yonseyi mumayang'anira, mkazi mmodzi wakukanikani?"

"Ndimulangiza, bwana."

"Mulangizeni pompano, timve."

A Chester anatembenukira mkazi wawo ali chigwadire. Anamuuza kuti ndi wopusa, kuti wawachititsa manyazi pamaso pa akuluakulu, kuti asadzagwirenso chinthu chimene sakuchidziwa. Mawu ankatuluka ngati akuwazula ndi pulayala. Dyness anaweramitsa mutu, nati, "Ndamva, bambo," ndipo Landirova inabwerera ku Mzimba ndi anthu awiri omwe inabwera nawo.

Chilango cha Dyness chinali kupepesa pamaso pa amayi a chipani, kusesa bwalo la ofesi mpaka mvula itayamba, ndi kubweza nkhuku. Dzina analipatsidwa laulere. Kuchigayo, kutchalitchi, kumsika wa ku macheka, sanalinso anyaPhiri. Anali anyaBoyila. Ana ankati akamuona amafufumitsa masaya n'kuwaphulitsa ndi zibakera. Iye ankawapatsa moni.

Zgambo anabweranso ndi mgolo watsopano. Ulendo uno ankayankhula ngati mlaliki, akuloza chilichonse ndi sipanala, nkhope kwa Dyness, mawu kwa a Chester amene anaima chapatali, manja ali m'matumba.

"Iyi, amama, ndi ya mpweya na madzi ofufuma. Isatsekedwe. Iyi yobwezera. Isatsekedwe. Mpira uwu umangoyandama; madzi akachepa watsika, watsegula, akadzaza wakwera, wajala. Ulibe nzeru zina. Kakafupi aka kakayamba kudontha panja, mundiitane. Kulira kumene mumamva ndi madzi akupuma. Akasiya kulira moto uli pansi, ndipo muthawe."

Dyness anatsira tiyi. Zgambo analandira ndi manja awiri, nathiramo shuga wosachita manyazi.

"Bwanji simunanene zonsezi tsiku lija?" anafunsa Dyness.

Zgambo anasuzumira m'kapu. "Amama, ine ndafika panyumba. Abwana a ku chigawo chapakati, nsapato gandu gandu, manja kumbuyo. Kwanu n'kuti. Adada anu mba njani. Ine m'mtima ndati, Amon, wamala, watha basi. Usiku ndagona na ovolosi, kuti akabwera asandipeze maliseche."

A Chester anakhosomola, nayang'ana kumapaini.

"Nanga munayambiranji nyumba yathu?" anafunsa iwo, mawu ali pansi.

"Ndi yoyamba kufuma ku msewu, adada."

Dyness sanawayang'ane amuna ake. Anaona kuti kutero kukanakhala kuwononga.

Kuyambira pamenepo moto wa boyila ankasonkha ndi a Chester, m'mamawa asanapite kuntchito, ntchito imene mwamuna wina aliyense pamzerewo sankaigwira. Zikomo sananene, ndipo Dyness sanamudikire. Kathanki kanapitiriza kulukulu wake pamwamba pa bedi.

Tsiku lina masana, Esme ali m'tulo, a Chester anakhala pabedi nati, "Mayi a Esme, kodi tsiku lija, amene ananena za ku Dowa kumbuyo kwanu anali ndani?"

Ananena monong'ona. Dyness anafuna kuwakumbutsa kuti m'siling'i muli madzi okha ndi mpira wopanda nzeru. Koma za a Cosmas iwo anali asanauzepo munthu, ndipo mawu a mayi uja anali odziwika, a munthu amene anamwapo tiyi m'nyumba muno, kungoti sankatha kuwaika nkhope.

"Tiyeni pankhuni," anayankha, nayenso monong'ona.